Chifukwa chake mnzanu amaona cholakwika pa chojambula chanu inu osachiona

Mwamaliza kujambula chithunzi, kaya ndi nkhope ya agogo anu, kaya ndi duwa la tomato la m'kope la Bayoloje. Mwachiyang'ana n'kunena chamumtima kuti, "Koma apa ndiye ndakhoza." Kenako mwachitola ndi foni n'kutumizira anzanu okonda kujambula, wina ali ku Lilongwe, wina ku Mzuzu. Pasanathe mphindi zisanu yankho lafika: "Aise, diso lakumanzerelo lakwera." Kubwerera pa pepala lija, zoonadi, diso lakwera. Inu mwakhala ndi pepalalo maola atatu, mphuno itatsala pang'ono kuligunda, koma simunaone. Mnzanu waona m'masekondi awiri, pa kasikirini kong'aluka. Zatheka bwanji?

Ine ndimakonda kujambula ndiponso ndimakonda sayansi, ndiye funso limeneli ndalitsata ndithu. Yankho lake lili m'diso, lili mu ubongo, lili m'kati mwa foni, ndipo mbali ina lili pa miyala ya ku Mphunzi, kufupi ndi kwathu kuno ku Lobi.

Diso si kamera

Tambasulani mkono wanu, muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu. Malo amene diso lanu limaona bwinobwino pa nthawi imodzi ndi aakulu ngati chikhadabo chimenecho, basi. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu ka maselo omva kuwala kotchedwa retina, ndipo pakati pake pali kadzenje kakang'ono kotchedwa fovea, pomwe maselo oona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono anathithikana. Zonse za m'mbali mwa kamalo kameneka mumaziona mwa chimbuuzi. Ngati mukukayika, yang'anitsitsani liwu limodzi pa mzere uno, musasunthe diso, muyese kuwerenga liwu lachisanu kutsogolo kwake. Sizitheka.

Nanga bwanji dziko lonse limaoneka lowala bwino? Chifukwa diso silikhala malo amodzi. Limadumpha pafupifupi katatu pa sekondi iliyonse, kutola kachidutswa apa, kachidutswa apo, ndipo ubongo ndi umene umasoka zidutswazo kukhala chithunzi chimodzi. Pamene pali mpata, ubongo umaikapo chigamba cha zimene ukuganiza kuti ziyenera kukhalapo.

Yesani izi pompano. Pa pepala loyera lembani kamtanda kumanzere, ndi kadontho kakuda kumanja, kutalikirana masentimita 8. Tsekani diso lakumanzere. Ndi diso lakumanja yang'anani kamtanda kokha, n'kumasendeza pepalalo pang'onopang'ono kubwera kumaso kwanu. Pa mtunda wina kadontho kaja kazimiririka. Kagwera pamalo pomwe mtsempha wopita ku ubongo umatulukira m'diso, ndipo pamenepo palibe maselo omva kuwala. Wasayansi wa ku France, Edme Mariotte, anafotokoza za malo amenewa m'zaka za m'ma 1660. Chimene ndikufuna muone ndi ichi: pamene panali kadontho simukuonapo bowo. Mukuona pepala loyera. Ubongo wamata chigamba, ndipo sunakuuzeni.

Timajambula zimene tikudziwa

Ambiri amati, "Ine dzanja langa silitha kujambula." M'chaka cha 1997 akatswiri awiri a za kaganizidwe ka munthu, Dale Cohen ndi Susan Bennett, anafufuza nkhani yomweyi. Anapeza kuti anthu wamba amatha kulondola bwino mizere ya chithunzi akachiika pansi pa pepala loonekera, kusonyeza kuti dzanja lilibe mlandu waukulu. Vuto lalikulu linali pa mmene munthu akuonera chinthu chimene akujambulacho.

Tengani ndowa, muiike patali pang'ono, muijambule. Ambiri a inu kukamwa kwa ndowayo mukujambula kozungulira kwambiri kuposa mmene kukuonekera. Kuchokera pamene mwakhala, kukamwako kukuoneka kophwatalala ngati nthanga ya dzungu, koma ubongo ukudziwa kuti ndowa ndi yozungulira, ndiye ukukokera pensulo ku zimene ukudziwa. N'chimodzimodzi ndi nkhope. Maso a munthu wamkulu ali pafupifupi pakati penipeni pa mutu, kuyeza kuchokera pa liwombo kufika kuchibwano. Koma ongoyamba kumene kujambula amawakweza m'mwamba, chipumi n'kuchepa, chifukwa ubongo umasamala za maso, mphuno ndi pakamwa, za chipumi ndi tsitsi ulibe nazo ntchito kwenikweni. Tengani rula muyeze pa chithunzi cha pa chiphaso cha munthu wamkulu kwanu, muona.

Ngakhale akatswiri amagwa m'mbuna yomweyi akasowa wowawongolera. Mu 1515 chipembere cha ku India chinafika pa sitima ku Lisbon, ku Portugal. Albrecht Dürer, mmisiri wotchuka wa ku Nuremberg ku Germany, sanachione ndi maso ake. Anangolandira kalata yofotokoza ndi kachithunzi ka wina, n'kujambula chake. Chipembere cha Dürer chinatuluka chitavala zikopa zolimba ngati malata a msilikali, miyendo ya mamba, ndi kanyanga kena kopotoka pamsana. Chithunzicho chinali chokongola kwambiri moti anthu anachikopera m'mabuku kwa zaka zoposa 200. Anthu ochikoperawo sankatha kuchitsutsa chifukwa ambiri mwa iwo anali asanaonepo chipembere. Mlonda mmodzi wa nyama wa ku Liwonde kapena ku Majete akanangochiyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Nanga kanyanga aka kakutani pamsana?"

Diso lozolowera limagona

Mukalowa m'khitchini yofuka utsi, fungo limakumenyani, koma pakatha mphindi zingapo simulimvanso. Ubongo umasiya kulabadira chinthu chimene sichikusintha. Chithunzi chimene mwachiyang'ana maola atatu chimakhala ngati utsi uja. Diso lokwera lija mwaliona kambirimbiri mpaka layamba kuoneka kuti ndi mmene liyenera kukhalira.

Komanso chimene tazolowera timachikonda. Mu 1977 ofufuza ena ku America anaonetsa anthu zithunzi ziwiri za nkhope zawo: china cheniceni, china chotembenuzidwa ngati cha pa galasi. Eni nkhope ambiri anakonda chotembenuzidwa, chifukwa ndi nkhope imene amaiona pa galasi tsiku lililonse. Anzawo apamtima ankakonda chenicheni. N'chifukwa chake mukadziona pa chithunzi chimene wakujambulani wina mumati, "Aaa, ine sindioneka chonchi."

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Mnzanu wa ku Mzuzu uja sakuposani nzeru ayi. Kungoti ubongo wake sunazolowere chithunzi chanu, ndiponso sakudziwa chimene mumafuna kujambula. Akuona chimene chili pa pepala, pomwe inu mukuona chimene chili pa pepala kuphatikiza chimene chili m'mutu mwanu.

Pali njira zodzisandutsa mlendo pa ntchito yanu yomwe. Ikani chithunzicho pa galasi. Leonardo da Vinci ankalangiza ojambula kuchita zimenezi zaka 500 zapitazo, chifukwa chithunzi chikatembenuka chimaoneka ngati cha munthu wina. Pa foni mungathe kuchitembenuza chimodzimodzi. Chizondotseni, mutu pansi. Mphunzitsi wa zojambula Betty Edwards, m'buku lake la 1979, anatchukitsa njira yokopera chithunzi chozondoka, chifukwa ubongo ukalephera kunena kuti "iyi ndi mphuno" umayamba kuona mizere ndi makona momwe zilili. Kapena chisungeni m'kope mpaka mawa. Njirazi zimathandiza, koma sizifika pa diso la munthu wina.

Chimene chafika kwa mnzanu si pepala lanu

M'Chichewa timati "kujambula" kaya ndi pensulo kaya ndi kamera, koma ntchito ziwirizi n'zosiyana, ndipo yachiwiriyi ingathe kuononga yoyamba ija.

Kamera ya foni imaduladula chithunzi kukhala timadontho totchedwa mapikiselo. Kamera ya mamegapikiselo 12 imatola timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, tonse pamodzi 12,000,000. Kadontho kalikonse kamasungidwa ngati manambala atatu: kuchuluka kwa kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Chulukitsani 256 × 256 × 256, mupeza mitundu 16,777,216. Tsono kadontho kamodzi kamadya mabaiti atatu, ndiye chithunzi chonse chikanakhala mamegabaiti 36. Zithunzi zochepa chabe bandulo yanu ya Airtel kapena TNM ikanatheratu.

Pofuna kupewa zimenezi foni imafinya chithunzicho. Njira yofala ndi JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992. Imagawa chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo m'kabokosi kalikonse imataya kusiyana kwakung'ono kumene diso silikuzindikira msanga. Zotayidwazo sizibweranso. Mukatumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, chithunzicho chimachepetsedwa n'kufinyidwanso kachiwiri. Wina akachitola pa sikirini yake n'kutumiza kwina, kachitatu. Zoyamba kufa ndi timizere topepuka ta pensulo ndi mithunzi yofewa, zomwe inu munavutikira kwambiri.

Kuwala nakonso kumanama. Pepala loyera lojambulidwa pa kuwala kwa kandulo kapena koloboyi limatuluka lachikasu, ndipo tochi imawalitsa pakati n'kudetsa m'mbali. Mukapendeketsa foni, mbali ya pepala imene ili kutali ndi kamera imachepa, mutu wa munthu n'kuoneka waung'ono, miyendo ikuluikulu. Ndiye mnzanu akuti "mutu wachepa" pamene mlandu ndi wa foni.

Choncho chitani izi. Jambulirani pa khonde masana, pa mthunzi, osati padzuwa. Kuno ku Dedza tsiku la mitambo la mu June limapereka kuwala kofewa kwabwino zedi. Pepala ligone pansi, foni ikhale pamwamba pake molunjika, m'mbali mwa pepala mufanane ndi m'mbali mwa sikirini. Pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu. Ngati mukufuna mnzanu aone timizere tonse, tumizani ngati dokumenti, chifukwa njira imeneyo sifinyanso chithunzi, ngakhale imadya bandulo yambiri. Bandulo ikachepa, tumizani chithunzi chonse mwa nthawi zonse, kenako mutole pafupi kamalo kamodzi kamene mukufunsa.

Phunziro la pa miyala ya Chongoni

Ife a kuno tili ndi mwayi umene ambiri alibe. M'mapiri a boma la Dedza muli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa miyala, m'dera lokula masikweya kilomita 126. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dera la Chongoni pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Malo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zithunzi zake zili m'magulu awiri. Zofiira, zambiri mwa izo mizere, madontho ndi zozungulira, akatswiri amati zinajambulidwa ndi Akafula kapena kuti Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, alimi, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali ndi Nyau. Utoto wofiira ndi wa dothi lokhala ndi iron oxide, chinthu chomwe chija chimafiiritsa katondo ndi dzimbiri la khasu. Umalowerera m'timabowo ta mwala, n'chifukwa chake umakhalitsa. Woyera ndi wa dothi loyera, umakhala pamwamba ndipo suchedwa kusuluka. Pamene zoyera zakwera pamwamba pa zofiira, mungadziwire nokha kuti zinayamba ndi ziti, monga mmene zigawo za nthaka zimasanjikirana, chakale pansi.

Anthu ambiri aphunzira za miyala imeneyi. J. Desmond Clark anakumba pa phanga la Mwana wa Chentcherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Gadi Mgomezulu, Mmalawi, anafufuza m'dera la Linthipe ndi Chongoni m'zaka zomwezo. Leslie Zubieta anatulutsa buku mu 2006 lonena za zithunzi zoyera za ku Chentcherere ndi chinamwali cha atsikana.

Ntchito yaikulu ya ofufuza zithunzi za pa miyala ndi kuzikopera pa pepala, ndipo apa ndi pamene nkhani yathu ikukumana nawo. Chithunzi chofiira chimene chasuluka chimakhala ndi mipata. Wokopera akaganiza kuti "iyi ndi nyama," ubongo wake uyamba kumata zigamba, kabanga ka mwala n'kusanduka mwendo. Anthu awiri atakhala pa phanga limodzi angathe kutuluka ndi mapepala awiri osiyana, onse ali oona mtima. Mankhwala ake ndi kufananiza: chojambula cha uyu ndi cha uyo, zonse ziwiri ndi chithunzi cha kamera, kenako kubwereranso ku mwala.

Masiku ano palinso thandizo la kompyuta. Mu 2005 Jon Harman anapanga pulogalamu yotchedwa DStretch, potengera njira imene asayansi a NASA ankagwiritsa ntchito pa zithunzi zotoledwa kuchokera mumlengalenga. Mukukumbukira manambala atatu aja a kadontho kalikonse? Utoto wosuluka ndi mwala wozungulira zingathe kusiyana ndi manambala ochepa kwambiri, moti diso silingazilekanitse. Pulogalamuyi imatambasula kusiyana kumeneko, ndipo zithunzi zobisika zimatulukira. Apa mungaonenso chifukwa chake chithunzi chofinyidwafinyidwa sichithandiza wofufuza: kusiyana kwakung'ono kumene akufuna ndi kumene JPEG imayamba kutaya.

Mukapita kukaona, pitani ndi wolondolera alendo wa m'deralo. Osagwira zithunzi, osazithira madzi kuti zioneke bwino, osalembapo ndi choko kapena makala. Thukuta la m'manja lili ndi mchere ndi mafuta zimene zimaononga utoto. Ndipo zina mwa zithunzizi ndi za miyambo imene ikadali yamoyo, ndiye musanazimwaze pa foni, funsani akuluakulu.

Ndemanga yomanga ndi yogumula

Sikuti ndemanga iliyonse imathandiza. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa zotsatira 607 za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza kuuza anthu mmene agwirira ntchito. Kawirikawiri ntchito inkapita patsogolo. Koma pa zotsatira zitatu zilizonse, choposa chimodzi chinaonetsa kuti anthu anayamba kuchita moipirapo atalandira ndemanga. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti ndemanga ikamakokera maganizo a munthu pa iye mwini, m'malo mwa pa ntchito, phindu lake limachepa.

Ngakhale kuyamikira kungathe kupweteka. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anapatsa ana a sukulu mafunso. Ena anawauza kuti akhoza chifukwa ndi anzeru, ena kuti akhoza chifukwa alimbikira. Pambuyo pake, ambiri mwa otamandidwa nzeru aja anasankha mafunso osavuta, ndipo atakumana ndi ovuta anafooka msanga. Ndiye "Ndiwe dolo!" ndi timoto tisanu n'zokoma kumva, koma sizikuuzani choti muchite mawa. "Iwe sutha, ingosiya" ndiye n'zachabe kotheratu. Zonse ziwiri zikukamba za inu, osati za chithunzi.

Mukamapempha ndemanga, funsani funso lenileni, paja safunsa anadya phula. M'malo mwa "Mukuchiona bwanji?" nenani kuti, "Dzanja lakumanjali likuoneka lalitali moyenera?" kapena "Mukuona ngati kuwala kukuchokera mbali iti?" Tumizani chikadali cha pensulo yopepuka, pamene kufufuta n'kotheka. Ngati munakopera chinthu chenicheni, tumizaninso chithunzi chake kuti anzanu akhale ndi pofananizira, asakhale ngati okopera chipembere aja.

Mukamapereka ndemanga, lozani malo, nenani chimene mukuona, ndipo perekani njira yoyezera: "Khutu latsika. Nsonga yake imayenera kulingana ndi nsidze, tayesa kuika rula." Nenaninso chimene chayenda bwino ndi chifukwa chake, kuti mnzanuyo adzachibwereze mwadala. Zinthu ziwiri zikwanira, khumi zimangomulemetsa.

Mukalandira, musayankhe mtima uli m'mwamba. Itengeni ndemangayo ngati ganizo loyenera kuyesedwa, monga mu labu. Wina akati mwendo watalika, yezani. Anthu atatu osauzana akaloza malo amodzi, pali kanthu pamenepo. Mmodzi akati sakonda mtundu wa buluu, zimenezo ndi zokonda zake. Asayansi amachitanso chimodzimodzi: asanasindikize zimene apeza, amazitumiza kwa akatswiri anzawo kuti azisanthule, chifukwa nawonso ubongo wawo umamata zigamba.

Ntchito yanu ndi yanu

Lembani dzina lanu ndi chaka pa chojambula musanachitole, pamalo ovuta kudula. Pepala lenileni ndi zoyeserera zoyamba zisungeni, ndi umboni wanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi muno ndi COSOMA. Nanunso mukakopera ntchito ya wina pophunzira, nenani kuti ndi ya uje. Ngati mwajambula nkhope ya munthu, mupempheni musanaitumize kwina. Ndipo munthu wosamudziwa akayamba ndi kuyamikira zojambula zanu n'kufika pofunsa kumene mumakhala kapena zithunzi za inu mwini, uzani makolo kapena aphunzitsi.

Yesani sabata ino

Pa mayeso a Bayoloje a MSCE mudzapatsidwa chinthu chenicheni kuti muchijambule, mulembe mayina a ziwalo zake, muwerengere ndi kukula kwa chojambula poyerekeza ndi chinthucho. Kumeneko wochonga safuna kukongola, amafuna zoona. Ndiye konzekerani motere. Inu ndi anzanu awiri thyolani tsamba limodzi la mbatata ya kachewere. Aliyense alijambule payekha kwa mphindi khumi, osaonerana, ndi mizere yoonda yosadukiza, popanda mithunzi. Kenako sinthanani mapepala. Aliyense awerenge timasamba ting'onoting'ono pa chojambula cha mnzake n'kufananiza ndi tsamba lenileni, ayeze kutalika kwa chojambula n'kugawa ndi kutalika kwa tsambalo, alembe chinthu chimodzi cholondola ndi chimodzi chofunika kukonza. Mukatero jambulaninso tsamba lomwelo, muike chojambula choyamba ndi chachiwiri pambalimbali, muwerenge kuti zasiyana pa zinthu zingati.